Tsamba Loyenera Fulu Ndilo Loyeneranso Mwana Wathu

Pakati pa mafunso amene amatifika kuno ku sukulu yathu ya zaulimi, lilipo limodzi limene alimi ambiri akalimva amayamba aseka. Limacokera kawirikawiri kwa anthu a m'matauni ndi kwa aphunzitsi amene amasunga fulu, amene ena amati kamba, m'kampanda kuseri kwa nyumba kapena pa sukulu. Iwo amafunsa kuti: masamba amene timadyetsa fulu agwidwa ndi nchenche zoyera, nanga tingazigonjetse bwanji popanda kupopera mankhwala? Oseka aja amati limeneli ndi funso la anthu okhuta, pakuti mlimi weniweni ali ndi matimati ndi cinangwa zoti adere nazo nkhawa.

Ife sitiseka nawo. Tikuona kuti funsoli likhudza banja lililonse limene lili ndi dimba la ndiwo, ndipo yankho lathu ndi limodzi kwa onse. Pa masamba amene amathyoledwa tsiku ndi tsiku, kaya wodya wake ndi fulu, kalulu kapena mwana wa m'nyumba, mankhwala ophera tizilombo asafikepo. Tikuwonjezanso kuti pa nchenche zoyera makamaka, mankhwalawo sabweretsa ngakhale cipambano cimene wogulitsa amalonjeza. M'munsimu tipereka zifukwa zathu, ndiponso njira zimene timaphunzitsa m'malo mwa kupopera.

Tiyambe tamudziwa mdaniyo

Nchenche zoyera, zimene pa Cingerezi amati whitefly, si nchenche zenizeni ngati za m'khichini. Ndi abale a nsabwe za m'masamba, ndipo monga nsabwezo zimakhala ndi moyo poyamwa madzi a m'zomera. Kutalika kwake ndi pafupifupi milimita imodzi. Mukagwedeza tsinde la matimati kapena la cibwabwa n'kuona tinthu toyera ngati ufa tikuuluka n'kuteranso pomwepo, ndizo zimenezo. Mtundu umene umavuta kwambiri m'maiko otentha ngati lathu asayansi amaucha Bemisia tabaci, ndipo umadya mitundu ya zomera yoposa 500, kuphatikizapo thonje, fodya, nyemba, mbatata, therere, impwa, cinangwa, maluwa a hibiscus ndi maudzu ambiri a masamba aakulu omera okha m'mbali mwa munda.

Moyo wake wonse uli kunsi kwa tsamba. Yaikazi imaikira mazira kumeneko, ndipo imodzi yokha ingathe kuikira mazira oposa 100. Patapita mlungu umodzi kapena kuceperapo mazira amaswa. Kamwana kake kamakwawa pang'ono, kenaka kamaboola tsamba ndi kamlomo kake n'kumatirira pomwepo osasunthanso, kophwatalala ngati mamba a kansomba. M'nyengo yotentha, kucoka pa dzira kufikira pa nchenche youluka zimatenga pafupifupi milungu itatu. N'cifukwa cake m'miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kwauma ndipo malo obiriwira otsala ndi madimba okha, zimaculuka modabwitsa. Mvula yamphamvu ikayamba zimacepa zokha.

Zimaononga m'njira zitatu. Poyamwa zimafooketsa comera, masamba n'kusanduka acikasu. Zimatulutsanso madzi otsekemera onata amene amagwera pa masamba a m'munsi, ndipo pa madziwo pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye imene imachinga kuwala kwa dzuwa. Coopsa koposa ndi cacitatu: zimanyamula mavairasi kucoka pa comera codwala kupita pa cabwino. Khate la cinangwa, matenda oola mizu a cinangwa amene anapezeka m'maboma a Chienge ndi Kaputa mu 2017, ndiponso matenda opiringiza masamba a matimati, onsewa amafalitsidwa ndi kacilombo kameneka.

Pali mfundo imodzi imene iyenera kukhazika mtima pansi wosunga fulu. Nchenche zoyera zilibe poizoni, ndipo mavairasi a zomera sagwira nyama kapena munthu. Tsamba limene lili ndi tizilomboti, mukalitsuka m'madzi oyera kuti nkhungu yakuda ija icoke, fulu angathe kulidya popanda vuto. Nchenche zimadwalitsa comera cokha, pamene cimene cingaphe fulu cili m'botolo limene tagula kuti tipulumutse comeraco.

Cifukwa cake fulu sapirira mankhwala

Pa botolo lililonse la mankhwala lovomerezeka pamalembedwa masiku amene munthu ayenera kudikira asanakolole: pena 7, pena 14, pena kuposerapo. Masiku amenewo anawerengedwa poganizira munthu, amene thupi lake ndi lalikulu ndipo amadya masamba ophika ngati ndiwo za nsima. Fulu ali kutali ndi zimenezo. Ndi wamng'ono, amadya masamba aawisi, ndipo masambawo ndiwo cakudya cake conse. Thupi lake limagwira nchito mwapang'onopang'ono, moti cakudya cimakhala m'mimba mwake masiku ambiri cisanatuluke. Amayenda mimba ili pafupi ndi nthaka, amatola masamba ogwa, ndipo amamwa madzi odikha pansi pa zomera, amene atsuka zonse zinali pamwamba. Fulu wamawanga amene amapezeka m'zigwa ngati ca Luangwa angathe kukhala ndi moyo zaka zoposa 50. Nyama yotere kuipha ndi kupopera kwa tsiku limodzi ndi cinthu cocititsa manyazi.

Citsanzo cimene madokotala a ziweto amacidziwa bwino ndi ca ivermectin, mankhwala amene timabaya ng'ombe ndi mbuzi pofuna kupha njoka za m'mimba ndi tizilombo ta pakhungu. Ng'ombe imawalandira bwino, koma fulu amapuwala miyendo n'kufa ngakhale atalandira mlingo wocepa. Madokotala a ku America analengeza zimenezi mu 1983, ndipo fulu wamawanga anali pakati pa ofooka kwambiri. Tsono abamectin, amene alimi amapopera akangaude ofiira a pa matimati, ndi emamectin, amene anafala mbozi za m'cimanga zitatifika kumapeto kwa 2016, ndi a banja limodzi ndi ivermectin. Wanzeru sadikira kuti fulu wake afe kuti akhulupirire za ubale umenewu.

Palinso mankhwala ngati imidacloprid ndi acetamiprid, amene ogulitsa amakonda kupereka munthu akadandaula za nchenche zoyera. Amenewa amalowa m'kati mwa comera n'kuyenda ndi madzi ake kufikira ku masamba ongophuka kumene. Kutsuka tsamba sikuwacotsa, pakuti sali pamwamba. Mu 2018 maiko a m'bungwe la European Union analetsa kugwiritsa nchito imidacloprid pa mbeu za panja cifukwa ca kuononga kwake njuci. Cotero ngakhale maluwa ogula ku nazale ya m'tauni asaperekedwe kwa fulu atangofika. Abzalidwe padera, papite miyezi, ndipo fulu adzadye masamba ophuka pambuyo pake.

Apa m'pamene nkhani ya fulu ikumana ndi nkhani ya banja. Repu, kalembula, cibwabwa ndi bonongwe sizikololedwa kamodzi ngati cimanga. Zimathyoledwa lero, mkuja n'kuthyoledwanso. M'mwezi wa Okutobala, pamene ndiwo zasowa, ndani amadikira masiku 14? Bambo amapopera m'mawa n'kupita ku maliro. Madzulo mayi amatuma mwana kukathyola ndiwo, ndipo mwanayo sadziwa kanthu. Zotsala zimaponyedwa kwa akalulu ndi nkhuku, zina zimamangidwa m'mitolo kupita ku msika. Palibe woipa mtima m'nkhani imeneyi. Vuto ndi lakuti lamulo la pa botolo siligwirizana ndi m'mene dimba la ndiwo limadyedwera. Ngati lamulo silingasungike, cinthu colondola ndi kusayamba n'komwe kupopera malo otere.

Zimene maiko ena anaphunzira mowawa

Wina anganene kuti ngoziyo njomveka, koma mankhwala amagwira nchito. Mbiri ya nchenche zoyera ikutsutsa mau amenewa. Madzi a m'copopera amagwera pamwamba pa tsamba, pamene mdani ali kunsi. Mazira ndi ana otsala pang'ono kuuluka salowedwa msanga ndi mankhwala, moti patapita masiku ocepa gulu latsopano limatuluka. Popeza mibadwo yake imasinthana milungu itatu iliyonse, zocepa zimene zapulumuka zimabereka ana osamva mankhwalawo, ndipo kacilombo kameneka kadziwika pa dziko lonse cifukwa cozolowera mitundu yambiri ya mankhwala. Pamene nchenche zikupulumuka, adani ake acilengedwe, amene amayendayenda pamwamba pa masamba, ndiwo amafa.

Ku Sudan, m'minda yaikulu ya thonje ya Gezira, nchenche zoyera zinali vuto laling'ono. Ndege zitapopera thonje caka ndi caka pofuna kupha mbozi, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nchenchezi zinasanduka mdani wamkulu. Madzi ake onata anaipitsa thonje, ndipo mtengo wake unatsika pa msika wa kunja. Ku India, m'cigawo ca Punjab, mu 2015 nchenche zomwezi zinasakaza thonje ngakhale alimi anapopera mobwerezabwereza.

Mbiri ya njira inayo ndi yolimbikitsa. Mu 1926 ku England, wasayansi wina dzina lake Speyer anaona ana a nchenche zoyera atada bii pa masamba a matimati. Atafufuza anapeza kuti m'kati mwao munali kamavu kakang'ono kosaluma munthu, kochedwa Encarsia formosa, kamene kamaikira dzira lake m'thupi la mwana wa nchenche n'kumudya. Alimi a m'nyumba za magalasi anakagwiritsa nchito kufikira nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, pamene mankhwala atsopano anabwera n'kukaiwalitsa. M'zaka za m'ma 1970, tizilombo titazolowera mankhwalawo, alimi anabwereranso kwa kamavu kaja. Ku Almería, m'dziko la Spain, kumapeto kwa 2006 tsabola wao anapezeka ndi mankhwala osaloledwa atafika ku Germany. Msika utagwedezeka, kuyambira 2007 alimi ambiri a tsabola anayamba kulera tizilombo todya tinzake m'minda mwao m'malo mopopera.

Ifenso kuno tili ndi umboni wathu. M'zaka za m'ma 1980 cinangwa ca mu Africa, kuphatikizapo ca m'dziko lathu, cinatsala pang'ono kutha ndi tizilombo toyera ngati ufa tija ena amati kodikodi. Cimene cinapulumutsa mbeuyi ndi kamavu kocokera ku South America kamene bungwe la IITA linamwaza m'maiko ambiri, nchito imene inapezetsa Hans Herren mphoto ya World Food Prize mu 1995. Kodikodi si nchenche yoyera, koma phunziro lake ndi lomwelo: Mlengi anaika kale alonda m'munda, ndipo nchito yathu yoyamba ndi kusawapha.

Zimene timaphunzitsa

Coyamba ndi maso. Kawiri pa mlungu, m'mawa dzuwa lisanatenthe, tembenuzani masamba khumi kapena makumi awiri m'malo osiyanasiyana a dimba. Mazira ndi nchenche zouluka mudzazipeza pa masamba anthete a pamwamba, ana okulirapo pa masamba akale a m'munsi. Woyamba msanga amagonjetsa ndi manja okha. Wocedwa ndiye amathamangira ku sitolo.

Caciwiri ndi kuthyola. Masamba a m'munsi odzaza ndi ana a nchenche acotseni. Abwinoko atsukeni mupatse fulu kapena akalulu, malinga akhale a zomera zodyedwa, pakuti masamba a matimati, a mbatatesi ndi a fodya ali ndi poizoni wao wacibadwa ndipo saperekedwa kwa ziweto zimenezi. Oipitsitsa akwirireni m'dzenje. Koma yang'anitsitsani musanataye: mukaona ana a nchenche ena atada kapena atafiirira pakati pa anzao otuwa, dziwani kuti timavu tija tafika kale. Tsamba lotero lisiyeni m'munda kuti timavu tituluke. Zitsamba ngati hibiscus ndi mabulosi zikagwidwa kwambiri zidulireni molimba mtima. Zidzaphukanso masamba oyera.

Cacitatu ndi madzi. Tengani copopera cimene sicinalowemo mankhwala ndi kale lomwe, mucilembe cizindikiro kuti cisasokonezeke ndi cina, ndipo muzitsuka naco kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu. M'mawa kukali kozizira nchenche zimakhala zaulesi ndipo zimagwa mosavuta. Citani zimenezi masiku awiri kapena atatu alionse kwa milungu itatu yathunthu, kuti mupyole m'badwo wonse kucoka pa dzira kufikira pa youluka. Ambiri amalephera pamenepa cifukwa amaleka pa mlungu woyamba ataona kuti zacepa.

Cacinai ndi misampha yacikasu. Nchenche zoyera zimakopeka ndi mtundu wacikasu. Dulani cigubu cacikasu ca mafuta ophikira m'zidutswa zazikulu ngati cikuto ca kope la ku sukulu, muzipake Vaseline mbali zonse ziwiri, ndipo muzipacike pa timitengo pamwamba pang'ono pa nsonga za zomera. Mukagwedeza zomera m'mawa, zouluka zambiri zimakamatirira pamenepo. Oilo wakutha wa galimoto musamugwiritse nchito, cifukwa dzuwa likatentha amadontha pa masamba ndi pa nthaka. Misamphayi ikhale pamene fulu sangafike, popeza iyenso amakopeka ndi zinthu zowala ndipo amayesa kuziluma. Isacuruke kwambiri, pakuti imagwiranso tizilombo tothandiza. Phindu lake lalikulu ndi kukuuzani msanga kuti mdani wafika.

Cacisanu ndi kulera abwenzi. Tizilombo tofiira ta madontho akuda tooneka ngati theka la nsawawa, ana ake, akangaude ndi timavu tonse timadya nchenche zoyera. Timafuna maluwa ang'onoang'ono oti timwemo timadzi, conco siyani mizere yocepa ya mpiru, anyezi kapena karoti kuti icite maluwa. Nyerere nazo ziyang'anireni: zimakonda madzi otsekemera aja, ndipo pofuna kuwateteza zimathamangitsa abwenzi athuwa. Kudulira nthambi zokhudza pansi ndi kusokoneza njira zao kumathandiza. Mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Newcastle ku England anaonetsa kuti fungo la maluwa a marigold limacepetsa nchenche zoyera pa matimati ngati maluwawo abzalidwa limodzi ndi matimatiwo kuyambira paciyambi. Abzaleni m'mbali mwa dimba, kunja kwa mpanda wa fulu.

Cacisanu ndi cimodzi ndi kalimidwe. Feteleza wa urea wocuruka amabala masamba ofewa odzaza madzi, amene tizilombo toyamwa timawakonda. Manyowa owola bwino amakulitsa comera mofatsa ndi molimba. Comera ca ludzu naco cimagonja msanga, conco phimbirani nthaka ndi udzu wouma. Mizere ya cimanga kapena mapira kuzungulira dimba imachinga mphepo imene imabweretsa nchenche, ndipo mbeu zimenezi sizizikonda. Matimati akatha kubereka azuleni tsiku lomwelo, pakuti munda wosiyidwa ndiwo nkhokwe ya tizilombo ya mudzi wonse. Ndipo wosunga fulu wamawanga akumbukire kuti cakudya cake cacikulu kuthengo ndi udzu. Kapinga womera bwino m'kampanda amadyetsa fulu caka conse, nchenche zoyera osamusamala n'komwe. Masamba aakulu akhale ongowonjezera.

Zonsezi zikalephera, sopo ndiye wotsiriza. Sungunulani supuni yaikulu imodzi ya sopo wamba wopanda mafungo m'lita imodzi ya madzi, muyese pa masamba ocepa kaye, kenaka mupopere kunsi kwa masamba madzulo. Sopo amapha tokhato timene wakhudza ali wonyowa, ndipo akauma mphamvu yake yatha. M'mawa mwake tsukani zomerazo ndi madzi oyera, ndipo tsukaninso masamba musanadyetse. Sopo wa ufa kapena wophala wocapira zovala amaocha masamba ndipo sayenera pa cakudya.

Si zonse za m'thengo zili zofatsa

Pano tiyenera kulankhula kwa anzathu a ulimi wacilengedwe, amene tili nao mbali imodzi. Pali cizolowezi coganiza kuti ciliconse cosinjidwa mu mtondo n'cabwino, coipa ndi ca m'botolo cokha. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo fulu akutithandiza kuwaona bwino.

Mthuthu, umene anzathu olankhula Cibemba amati ububa, ndi citsamba cothandiza kwambiri pobwezera conde m'nthaka, ndipo alimi ambiri a kuno kum'mawa anaubzala pa cifukwa cimeneco. Madzi a masamba ake amaphadi tizilombo. Koma makolo athu ankaugwiritsa nchito kuphera nsomba m'madziwe, ndipo cimene cimapha nsomba sitingaciike pa cakudya ca fulu. Madzi a fodya ali ndi nikotini, poizoni wamphamvu kwa nyama ndi munthu yemwe. Tsabola wowawa amaocha maso ndi m'kamwa mwa nyama imene singathe kudzipukuta. Nimu ndi wofatsa kuposa onsewa ndipo amafooketsadi ana a nchenche zoyera. Pa matimati ndi mbeu zina zodikira tingamugwiritse nchito, koma ndi mankhwala ndithu, ndipo pa masamba a fulu ife timati madzi ndi manja zikwanire.

Cenjezo lina ndi la maneti a udzudzu. Taona m'madimba ambiri nazale zitaphimbidwa ndi maneti amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo. Manetiwo ananyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mabowo ake ndi aakulu moti nchenche yoyera imadutsa mosavuta. Mwana amagona wopanda citetezo, ndipo mbande sizitetezedwanso. Neti yoyenera nchenche zoyera ndi ya mabowo osaoneka bwino ndi maso, imene ogulitsa zaulimi amaicha 50 mesh. Kacidutswa kokwanira nazale kangagulidwe ndi alimi angapo mosonkherana.

Kuyankha otsutsa

Otsutsa oyamba amati njira zimenezi n'zolemetsa, kupopera n'kwacangu. Sitikana kuti zimafuna nthawi. Koma dimba la ndiwo za banja, kapena kamunda ka fulu, ndi malo a mayadi ocepa, ndipo theka la ola katatu pa mlungu limakwanira. Wopopera naye amabwerera mlungu ndi mlungu, ndipo ulendo uliwonse amalipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale. Colinga cathu si kupha nchenche yomaliza, cimene palibe anacikwanitsa, koma kuzicepetsa kufikira pamene comera cikula bwino ndipo abwenzi athu ali ndi cakudya cowasunga m'munda.

Otsutsa aciwiri ali ndi mfundo yolemera. Mlimi wa matimati ogulitsa amene walima hekitala amaopa vairasi, ndipo nchenche zocepa zokha zingadwalitse munda wonse. Iyeyu sitimuweruza. Timangomukumbutsa kuti comera cikalowedwa vairasi palibe mankhwala ociciritsa, ndipo nkhondo yake imapambanidwa ku nazale: mbande zokulira m'neti yoyenera, mitundu yopirira matenda, ndi kuzula msanga comera ciliconse copiringizika. Pa cinangwa, uphungu wa ofufuza a ZARI ndi wa alangizi a boma umatsamira pa kubzala mitengo yocokera m'munda wopanda matenda, kusankha mitundu yopirira, ndi kusanyamula mbeu kucoka ku madera odwala. Ngati mlimi wa matimati waona kuti sangacitire mwina koma kupopera, agule mankhwala olembetsedwa ku ZEMA, atsate za pa botolo, avale zodziteteza, ndipo munda umenewo utalikirane ndi dimba la ndiwo. Udzu wopalira m'menemo usapite kwa fulu, kwa kalulu kapena kwa mbuzi.

Otsutsa acitatu amati: ine ndingaleke, koma mnansi wanga akupopera, ndipo nchenche zake zikuthawira kwa ine. Izi n'zoona, makamaka kumene madimba andandalikana m'mbali mwa mtsinje umodzi. Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi ipite ku misonkhano ya makalabu a alimi ndi ya mipingo ya m'midzi, kuti anthu apangane nthawi yozula matimati akale ndi malo amene sadzapoperedwa. Sitikuyenda tokha m'njira imeneyi: sukulu ya zaulimi ya Kasisi, pafupi ndi Lusaka, imene Ajezuiti anaiyambitsa mu 1974, yakhala ikuphunzitsa ulimi wopanda mankhwala ogula kwa zaka zambiri.

Udindo wa wosunga

Sitingatseke nkhaniyi osanena za fulu mwini. Fulu ndi nyama ya m'thengo, ndipo lamulo la nyama za m'thengo la 2015 limaika nyama zotere m'manja mwa dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Wofuna kusunga fulu ayambe wafunsa kumeneko za cilolezo. Mukakumana naye akudutsa mseu, muolotseni kumene amalowera n'kumusiya apite. Amaswana mocedwa, ndipo moto wa m'thengo ndi malonda zamucepetsa kale. Koma amene ali naye kale m'kampanda akumbukire mwambi uja wakuti kamba amanyerera amene wamtola. Wamutsekera, wamulanda ufulu wosankha tsamba. Tsono ciliconse colowa m'kamwa mwake cili pa mutu wa womusungayo.

Malembo amatiphunzitsa pa Genesis 2:15 kuti nchito yoyamba ya munthu m'munda inali ya mbali ziwiri, kulima ndi kusunga, ndipo pa Miyambo 12:10 cifundo kwa ciweto cikuwerengedwa ngati cizindikiro ca munthu wolungama. Fulu m'kampanda, kalulu m'khola ndi mwana pa mphasa ali ofanana pa cinthu cimodzi: amadya cimene tawapatsa, ndipo satha kuwerenga za pa botolo.

Pempho lathu kwa owerenga onse m'nyengo yotentha ino ndi ili. Patulani gawo la dimba limene ndiwo za tsiku ndi tsiku ndi masamba a ziweto zazing'ono zidzacokera, mulizike timitengo m'malire, ndipo muuze onse a m'nyumba, ndi aganyu omwe, kuti copopera ca mankhwala sicidutsa pamenepo. Pacikani misampha iwiri kapena itatu yacikasu, tembenuzani masamba kawiri pa mlungu, ndipo tsukani kunsi kwake kwa milungu itatu osadumphitsa. Mvula ikadzayamba, yerekezani gawo limenelo ndi limene munapopera, muwerenge ndalama zimene zinatuluka pa lililonse, ndipo mutilembere zimene mwapeza, zabwino ndi zovuta zomwe, kuti tidzazisindikize m'kalata ino anzanu aphunzirepo.